Land Rover ya pa esiteti: chaka cha m'bulu buku sichigula sipeya

Mukaimbira foni wogulitsa masipeya ku Limbe kapena ku Ndirande kuti mukufuna masilinda a mabuleki a Land Rover yakale, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Ndi ya chaka chanji, bwana?" Ambirife timathamangira bulu buku n'kumuwerengera chaka chimene chalembedwamo, iye n'kukulunga katundu n'kupatsira kondakitala wa minibasi ya ku Luchenza. Madzulo makaniko akachotsa dilamu amapeza kuti chimene chabweracho sichikulowa. Wogulitsa uja sananame, inunso simunaname. Vuto lili pa funso lomwelo. Pa galimoto zimenezi, makamaka zimene zinakalambira m'maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, chaka cha m'buku chimangonena za chesisi basi, ndipo nthawi zina chesisiyonso inasinthidwa kalekale.

Aliyense amene anakulira pafupi ndi galaja ya esiteti akudziwa chifukwa chake. Esiteti sinkakhala ndi Land Rover imodzi. Zinkakhalapo zingapo, zogulidwa zaka zosiyana: ina ya manijala, ina yoyendera m'minda, ina yothamangitsira odwala ku chipatala usiku. Imodzi ikagubuduzika pamsewu woterera nthawi ya dzinja sankaitaya ayi. Ankaikankhira kuseri kwa galaja, ndipo kwa zaka zambiri inkadyetsa zinzake, lero giyabokosi, mawa ekiselo, mkuja chitseko. Anthu a ku Solihull ku Britain, kumene galimotozi zinkapangidwa, anasiya miyeso yambiri yosasintha kuchokera 1958 mpaka 1985, choncho chitsulo cha galimoto ina chinkamangika pa inzake mosavuta. Amakaniko a nthawi imeneyo sankasamala za chaka, ankasamala zoti pofika m'mawa galimoto ikhale pamsewu. Zimene tikugula lero ndi zotsatira za ntchito yawoyo. Mumapeza nkhope ya 1975, chesisi ya 1964, injini ya 1982, zonsezo pansi pa nambala imodzi.

Mbiri yake mwachidule ndi iyi. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam mu Epulo 1948, ndipo mtundu umene timautcha Series I unapangidwa mpaka 1958. Zimenezi n'zosowa kuno, n'zopapatiza, m'mbali mwake n'mophwatalala, ndipo masipeya ake ndi dziko lina, choncho ndizisiya. Series II inabwera mu 1958, Series IIA mu 1961, Series III mu 1971 n'kutha mu 1985. Zonse zitatuzi zinkabwera yaifupi ndi yaitali, 88 ndi 109, manambala amene akunena mainchesi a pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo. Chimene chimasocheretsa anthu n'chakuti kusintha kumene kumakhudza wogula masipeya sikunkadikira dzina latsopano. Zaka zofunika kuziloweza ndi 1967, 1969 ndi 1980, ndipo zonsezi zinagwa pakati pa mtundu. IIA ya 1970 ikufanana kwambiri ndi Series III ya 1972 kuposa mmene ikufananira ndi IIA inzake ya 1963. Series III ya 1983 mukaigonera pansi ndi galimoto ina poyerekeza ndi ya 1975.

Poyambira ndi pa nambala ya chesisi. Pamakhala kachitsulo kolembedwa kokhomedwa pa bulkhead, khoma lachitsulo lija lolekanitsa injini ndi pokhala dalaivala, koma ine kameneko sindikakhulupirira kwenikweni chifukwa kamamasuka ndi sikulu zochepa chabe, ndipo bulkhead yonseyo mwina inachokera ku galimoto ina. Nambala yodalirika ndi imene inadindidwa pa chesisi penipeni, kutsogolo kudzanja lamanja, pamene pamakolekedwa sipuling'i. Pamafunika bulashi ya waya ndi kudekha, poti pamakhala matope ofiira a zaka makumi asanu ndi penti wopakidwa kangapo. Ikapezeka, iyerekezeni ndi ya m'buku musanapereke khobidi lililonse. Zikasiyana, nkhani si ya masipeya tsopano, ndi ya mapepala, ndipo mapepala ndi ovuta kukonza kuposa injini.

Pa Series II nambalayi ili ndi manambala asanu ndi anayi, ndipo lachinayi limanena chaka: 8 ndi 1958, 9 ndi 1959, 0 ndi 1960, 1 ndi 1961. Kuyambira IIA anasintha. Manambala atatu oyamba amanena mtundu wa galimoto, ndipo kumapeto kuli chilembo. Ikayamba ndi 241, 242 kapena 243 ndi IIA yaifupi ya petulo ya chiwongolero chakumanja ngati zathu zino: 241 inapangidwira msika wa ku Britain, 242 inapangidwira kutumizidwa kunja, 243 inatumizidwa zidutswazidutswa n'kukamangidwira kudziko lina. Yaitali ya petulo imayamba ndi 251, 252, 253. Pa Series III za m'ma 1970 zaifupi za petulo ndi 901, 902, 903, zazitali ndi 911 kupita m'tsogolo. Chilembo cha kumapeto chija anthu ambiri amachiyesa chaka, koma si chaka. Chinkasintha fakitale ikasintha kanthu kakakulu pa galimoto, ndipo n'chimene mabuku a masipeya amagwiritsa ntchito. Wogulitsa wodziwa ntchito yake adzakufunsani chilembo chimenechi, osati chaka. Wofuna kudziwa tsiku lenileni limene galimoto yake inatuluka m'fakitale, penti imene inatuluka nayo ndi kumene inatumizidwa angalembere ku British Motor Museum ku Gaydon, kumene amasunga mabuku akale a fakitale ndipo amapereka satifiketi pamalipiro.

Koma chesisi ndi nambala imodzi yokha. Injini ili ndi yake, giyabokosi ili ndi yake, ekiselo iliyonse ili ndi yake. Pa galimoto ya pa esiteti muyenera kulemba zonsezo m'kope limodzi, n'kumagula sipeya ya chiwalo chilichonse potsata nambala ya chiwalo chimenecho.

Chaka cha 1967 n'cha magetsi. Chisanafike chaka chimenechi Land Rover zinali positive earth, kutanthauza kuti waya wa pozitivu wa batire ndi umene unkamangidwa ku thupi la galimoto, mosemphana ndi galimoto iliyonse ya masiku ano. Kuyambira pa chilembo D anatembenuza n'kukhala negative earth. Izi zimaoneka zazing'ono mpaka mnyamata wa mawaya, amene anaphunzirira pa Sienta ndi Probox, atabwera kudzaika wailesi kapena tchaja ya foni n'kuipsereza pomwepo. Mababu a LED nawonso ambiri sayaka pa waya wotembenuka. Zambiri mwa galimoto zakalezi zinatembenuzidwa kale pamene ankachotsa dayinamo n'kuika alitaneta, koma musaganizire, yang'anani batire ndi maso anu kuti ndi waya uti wapita ku chesisi. Chaka chomwecho batani lolizira injini ya petulo linachoka, n'kuyamba kuliza ndi kiyi. Kabuleta ya Solex inalowedwa m'malo ndi Zenith 36IV, ndipo magasiketi ndi majeti a ziwirizi sagwirizana ngakhale pang'ono. Pa zambiri mupezapo Weber imene wina anaikapo m'zaka zapitazi, choncho werengani dzina limene lili pa kabuletayo musanaitanitse kanthu.

Mawaipa nawonso anasintha mu 1967, ndipo pano ndili ndi mbali yanga. Zakale zinali ndi timota tiwiri, kalikonse pagalasi lake, kokhala ndi kachogwirira koti mota ikafa mumapukusa ndi dzanja. Zatsopano zili ndi mota imodzi yobisika m'dashibodi, yoyendetsa mawaipa onse awiri ndi kebulo. Yatsopanoyo imapukuta bwino, palibe wokana. Koma chiperoni chikatsika pa Thyolo boma mpaka osaona munthu ali patsogolo panu, waipa imene mungathe kuiyendetsa ndi dzanja si chinthu choseka. Kwa wogula, chofunika kudziwa n'chakuti felemu ya galasi lakutsogolo ya timota tiwiri ili ndi mabowo amene inzakeyo ilibe, ndiye mukagula felemu yolakwika mukhala mukuboola kapena kutseka mabowo.

Nkhope ndi imene imanamiza anthu ambiri. Kuno munthu akaona nyali zili pakati, pambali pa rediyeta, amati Series II, akaona zili m'mamadigadi amati Series III. Si choncho. Nyali zinasamukira m'mamadigadi galimoto idakali IIA, mu 1968 pa zopita kumayiko ena amene malamulo ake ankafuna choncho, ndipo mu 1969 pa zonse. IIA yomaliza imeneyi ili ndi gilili yawaya wachitsulo, pamene Series III ili ndi yapulasitiki. Magilili achitsulo aja akusowa chifukwa china n'chakuti anthu anawapeza abwino kuwotcherapo nyama ndi chimanga, zimene sindingalimbikitse poti wayayo anakutidwa ndi zinki. Komanso mamadigadi ndi gilili ndi zinthu zoyamba kuphwanyika pangozi ndiponso zoyamba kusinthidwa ndi munthu wofuna kuti galimoto yake ioneke yatsopano pogulitsa. Kuti mudziwe zoona lowani m'kati. IIA ili ndi dashibodi yachitsulo, mawotchi ake ali pakati pa galimoto. Series III ili ndi yapulasitiki yakuda, mawotchi ali kutsogolo kwa dalaivala. Mahinji a zitseko a IIA ndi otukuka, a Series III ndi ophwatalala. Zitseko zenizenizo zimasinthanitsika, n'chifukwa chake mumapeza galimoto ya hinji yotukuka mbali ino, yophwatalala mbali inayo.

Kusintha kwakukulu kwa 1971 kuli mu giyabokosi. Ya Series II ndi IIA ili ndi synchro, kachipangizo kothandiza giya kulowa mosakukuta mano, pa giya yachitatu ndi yachinayi zokha. Kuti mutsike kupita pa yachiwiri pokwera mtunda muyenera kuponda kilachi kawiri, n'kukoka moto pang'ono pakati pake, apo ayi mano amakukuta mpaka anthu otchola tiyi m'munda kutembenuka. Ya Series III ili ndi synchro pa zonse zinayi. Madalaivala amakonda yatsopanoyo, koma amakaniko akale ambiri amakonda ya IIA yomaliza, amati ndi yolimba. Mdala wina amene anakalambira pa galaja ya esiteti ina cha ku Mulanje ankati akamva mnyamata akudandaula za giya yachiwiri amangoti, "Bokosi lilibe mlandu, mwana wanga, phazi lakolo ndi limene silinaphunzire." Kwa wogula masipeya, mabokosi awiriwa amamangika pamalo amodzi koma kachitidwe ka kilachi n'kosiyana. Silinda yaing'ono ya kilachi imakhala pamalo ena, beringi yokankha kilachi ndi ina, puleti yophimba kilachi nayonso ndi ina. Choncho galimoto ya dashibodi yachitsulo yokhala ndi bokosi la Series III imafuna kilachi ya Series III, ngakhale buku linene 1965.

Tsopano 1980, chaka chimene chimadyera anthu ndalama zambiri chifukwa kunja sikuoneka chilichonse. Injini ya malita 2.25, ya petulo ndi ya dizilo yomwe, inali ndi maberingi aakulu atatu ogwira kilankishafti kuyambira pachiyambi. Cha mu 1980 anaipatsa asanu. Mumaizindikira ndi mizere yotukuka ngati nthiti m'munsi mwa buloko, imene yakale ilibe. Kilankishafti yake ndi ina, silo yakumbuyo ndi ina, fulaiwilo ndi ina, ndipo mabawuti ambiri anasanduka a mamilimita. Munthu akakuuzani kuti ali ndi kilankishafti ya "two and a quarter" (ndiye 2.25 ija) yabwino ku Bvumbwe, funso lotsatira likhale la maberingi, atatu kapena asanu, komanso ngati ndi ya dizilo kapena ya petulo. Pa ya petulo palinso mitu iwiri, ya kompuresheni 7:1 ndi 8:1. Zambiri zotumizidwa kunja zinkabwera ndi 7:1 chifukwa cha petulo wofooka wa nthawi imeneyo, ndipo taiming'i ya ziwirizi si imodzi.

Chaka chomwecho mabuleki a yaifupi anasintha. Kale 88 inali ndi madilamu a mainchesi 10 matayala onse anayi, pamene 109 inali ndi a mainchesi 11, kutsogolo kokhala ndi masilinda awiri pa tayala lililonse. Kuyambira pakati pa 1980 yaifupi nayo inalandira a mainchesi 11 kutsogolo. Ndiye 88 imene ili pabwalo panu ikhoza kukhala ndi 10 kapena 11, kaya chifukwa cha chaka chake kaya chifukwa makaniko wina mu 1988 anaikamo ekiselo ya 109 imene inali kuseri kwa galaja. Palinso zazitali za masilinda asanu ndi limodzi, za malita 2.6, zimene zinayamba kupezeka cha mu 1967, ndi V8 ya 1979 imene amaitcha Stage 1. Zimenezi madilamu ake akutsogolo ndi a mainchesi 11 omwewo koma okulirapo m'lifupi, ndipo mashuzi ake salowa mu 109 wamba. Njira ndi imodzi yokha: chotsani dilamu, yezani ndi tepi m'kati mwake ndi m'lifupi mwa shuzi, werengani masilinda. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo pamatsitso a ku Thyolo mabuleki si chinthu choyerekeza.

Mashafti a m'maekiselo nawonso anasintha. Akale ambiri ali ndi mano 10 mbali zonse ziwiri, a pambuyo pa 1980 ali ndi mano 24 kunsonga yakunja, kumene amalumikizana ndi habu. Wofuna kuika mahabu omasula matayala akutsogolo ayenera kuwerenga mano amenewa asanagule. Pa yaitali palinso nkhani ya ekiselo yakumbuyo. Za Series III zinkabwera ndi ya Salisbury, yolimba kwambiri, imene mumaizindikira ndi chivundikiro chomasuka kumbuyo kwa difu, pamene ya Rover difu yake imatuluka yonse kutsogolo. Mukasintha ya Rover n'kuika Salisbury, propshaft yakale, shafti yochokera ku giyabokosi kupita ku ekiselo, imakhala yaitali mopitirira.

Msampha umene ndimauopa kwambiri ndi wa difu. Difu ya Series wamba ndi 4.7:1, mano 47 pa giya yaikulu ndi 10 pa yaing'ono. Ya Range Rover yakale ndi 3.54:1, mano 46 ndi 13. Kunja zimafanana, mabowo ake ndi omwewo, imalowa bwinobwino. Munthu amagula ya Range Rover kwa ophwasula galimoto n'kuiika kumbuyo kokha, ndipo pa tala akusangalala kuti galimoto yayamba kuthamanga injini isakulira kwambiri. Tsiku limene adzatsike tala kulowera mumsewu wa matope n'kudina ndodo ya mutu wachikasu kuti matayala onse anayi akoke, akutsogolo ndi akumbuyo amayamba kulimbana chifukwa akuzungulira pa liwiro losiyana, ndipo chimathyoka ndi shafti kapena mano a m'bokosi. Kuika 3.54 mbali zonse ziwiri n'kotheka, anthu ena amachita dala, koma injini ya 2.25 ya dizilo, imene mphamvu zake n'zongopitirira pang'ono akavalo 60, imakomoka nayo pamitunda yathuyi. Difu iliyonse yogula kwa ophwasula iwerengedwe mano isanakwere minibasi.

Za masipanala ndingonena mwachidule. Galimoto imodzi ikhoza kufuna mitundu itatu: Whitworth ndi BSF pa giyabokosi ndi maekiselo, UNF pa injini yakale ndi pathupi, mamilimita pa zinthu za pambuyo pa 1980. Ngakhale mabawuti a matayala ndi awiri, akale a 9/16 BSF ndi atsopano a M16. Nati yolowa maulendo awiri n'kuuma si yofuna mphamvu, ndi ya mtundu wina. Mukapeza masipanala akale a Whitworth pamsika, gulani, musanenerere kwambiri.

Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu amene ankamutcha Birmabright, ndipo sachita dzimbiri. N'chifukwa chake galimoto imene yakhala pansi pa mtengo wa mapeyala zaka makumi awiri imaoneka yamoyo. Koma chesisi, bulkhead ndi mafelemu a zitseko ndi zachitsulo, ndipo kuno, kumene mvula ya m'mbali mwa phiri la Mulanje imaposa ya madera ambiri a dziko lino, zimaola kuchokera m'kati. Gogodani ndi hamala mtanda wakumbuyo wa chesisi, timikono togwira thupi, popondera mapazi ndi mizati ya zitseko. Chesisi wowotcherera wabwino wa pa Chitakale kapena pa Luchenza angathe kuipachika zigamba. Bulkhead ndi imene imavuta, ndipo m'menemo ndi mmene zaka zonse zija zimakumana: ya timota tiwiri, ya mota imodzi, ya Series III ya dashibodi yapulasitiki, ndi ya masilinda asanu ndi limodzi imene inapindidwa mosiyana kuti injini yaitali ikwane. Ngati mwini galimoto ali ndi ina yowonongeka kuseri kwa nyumba yokhala ndi bulkhead yabwino, kambiranani mtengo wa ziwiri zonsezo.

Ambiri tsopano timaitanitsa masipeya ku Johannesburg kudzera mwa abale kapena madalaivala a mabasi, ndipo pamenepo pali chenjezo lina. South Africa inkamanga Land Rover zake, ndipo cha m'ma 1980 inatulutsa Series IIIS, ya injini ya petulo ya R6 ya malita 2.6 kapena dizilo ya ADE ya malita 3.8. Injini ya R6 si ija ya 2.6 ya ku Solihull ngakhale nambala zikufanana, palibe chogwirizana pakati pake. Ku Spain nako kampani ya Santana inkapanga zake, ndipo m'zaka zomaliza zinapatukana kwambiri ndi za ku Britain. Mchimwene wanu amene ali ku Johannesburg si makaniko, ndiye musamutume ndi mawu akuti "ya Series III". Mutumizireni pa WhatsApp chithunzi cha sipeya yakaleyo ili pambali pa tepi yoyezera, nambala imene yadindidwapo, ndi nambala ya chiwalo chimene yachokera. Yakaleyo musataye mpaka yatsopano itamangidwa n'kuyenda.

Chatsala ndi funso limene wokonza aliyense amakumana nalo: galimoto ya zaka zingapo zosiyana muibwezeretse ku chaka chiti? Anthu a ku Ulaya amafuna chilichonse chikhale monga chinatulukira m'fakitale, mpaka mtundu wa sikulu. Kwa ife zimenezo n'zodula, ndipo sindikuona nzeru yochotsa mabuleki a mainchesi 11 n'kubwezera a 10 pa galimoto imene idzatsike mtunda wa ku Makwasa itanyamula banja. Ine maonekedwe ndimatsata chesisi. Ikakhala ya 1964, nyali zibwerere pakati, gilili yachitsulo ifunidwe, dashibodi ikhale yachitsulo, mahinji akhale otukuka mbali zonse. Zosaoneka ndimasiya zabwino zimene galaja ya esiteti inaikamo: injini ya maberingi asanu, alitaneta, Salisbury, mabuleki aakulu. Atandipatsa mwayi wosankha imodzi yoyambirapo ndingatenge IIA yaitali ya pakati pa 1967 ndi 1971. Magetsi ake ndi olunjika kale, dashibodi yake yachitsulo siswekasweka ndi dzuwa ngati yapulasitiki, ndipo masipeya ambiri a injini ndi mabuleki a Series III, amene ndi osavuta kuwapeza ku Limbe, amalowa popanda kusema chilichonse.